Nsalu Imodzi ya pa Nyuwele

Kwathu kuseri kwa Nsaru anthu ankatitcha ana a kwaya. Sikuti tinkaimba, ayi, mawu a pamtundu pathu ndi a achule. Nkhani inali nsalu. Disembala akamayandikira, amayi ankagulitsa mtedza umene ankasungira padera, n'kugula nsalu ya mtundu umodzi yokwanira ana tonse asanu ndi mmodzi. Atsikana madiresi, anyamata malaya, kotsalako amayi ankamanga duku. Tsiku la Nyuwele m'mawa tinkatuluka pakhomo tili chimodzimodzi, kaya ndi maluwa, kaya ndi mawotchi. Chaka china inali ya atambala, ndipo mlongo wanga wamkulu amatchedwa Tambala mpaka lero ali ndi zidzukulu.

Atelala anali ku Nsaru pakhonde la golosale, ndipo nthawi yopalira chimanga ndi kubandira fodya palibe amene akanakoka ana asanu ndi mmodzi kupita nawo kukayezetsa. Ndiye amayi ankatiyeza okha ndi chingwe chosokera matumba, mwana aliyense chake. Mfundo yoyamba kuchokera paphewa mpaka pabondo, yachiwiri ya m'chiuno, yachitatu ya mkono. Ankatiimika pamzere kuseri kwa nyumba. "Ponda pansi ndi chidendene iwe, ukufuna kunamiza ndani?" Akamaliza ankakulunga zingwezo pakansalu n'kupita nazo kwa atelala.

Tsikulo linkakoma, ndisaname. Tinkadya mpunga wa nkhuku, ndipo tikaweruka kutchalitchi tinkayenda khomo ndi khomo tikukuwa kuti, "Nyuwele! Nyuwele!" Anthu ankatipatsa zitumbuwa, thobwa, nthochi, ndipo sankafunsa kuti ndife ana a yani, nsalu inkanena yokha. Mng'ono wanga Esinati anasowapo pachigulu cha anthu ku Nsaru ali ndi zaka zitatu, bambo wina wosamudziwa n'komwe anangoyang'ana kadiresi kake n'kumubweretsa pamene tinaima.

Koma ine ndinkadana nayo nsaluyo. Ndinali wamkulu kwa atsikana, ndipo manyazi ankandigwira anzanga akamati, "Kwaya ija yafika, tiimbireni." Kunali mwana wa akapitawo a ku esiteti ya fodya, ankabwera kutchalitchi ndi diresi la m'sitolo, la yekha, lopanda mnzake m'mudzi monse. Ndinkamuyang'ana mpaka kuiwala kupemphera. Ndinalumbira chamumtima kuti ndikadzabala wanga, sadzavala za kwaya.

Wanga ndinabaladi, mtsikana, dzina lake Tadala. Banja ndi bambo ake silinapite patali, anabwerera kwawo ku Nambuma mwana asanayambe kuyenda. Fodya anatikana zaka ziwiri zotsatizana, amayi miyendo inayamba kuvuta, ndiye nditamva kuti ku Joni akazi akupeza ntchito za m'nyumba ndinati nanenso ndikayese. Tadala anali ndi zaka zinayi. Ndinamusiya m'manja mwa Esinati, amene anali atakwatiwa pamudzi pomwepo ndipo anali ndi ake awiri. M'mawa wa tsiku lonyamuka Esinati anamutengera kudimba kuti asandione ndikukwera minibasi. Ndinachoka ngati wakuba, abale, mwana wanga ndemwe osamutsanzika. Ndinkati zaka ziwiri zokha.

Ku Joni ndinafikira m'galaja ya mwenye wina, akazi asanu a ku Malawi, nsalu yotchinga pakati. Mwezi wa Juni kumeneko kumazizira mpaka mano kugundana, ndipo tinkagona titavala majuzi onse amene tinali nawo. M'galajamo ndi mmene ndinapezana ndi Nyamoyo wa ku Mzimba, mayi wamfupi, wolongolola, Chichewa chake chopindika, koma mtima wabwino zedi. Ndi iye amene anandiphunzitsa kukwera matekisi a kumeneko, kuloza ndi chala kumene ukupita, ndi kuyenda osayang'ana apolisi m'maso masiku a papasipoti atatha. Ndi iyenso anandipezera ntchito kwa adona ena achizungu: kuchapa, kusita, kukolopa, ndi kusamala agalu awiri amene ankadya bwino kuposa ine. Adonawo anandipatsa kachipinda kuseri kwa nyumba, ndipo ndinakhalamo zaka zisanu ndi zinayi. Kubwera kumudzi kunali kosatheka. Munthu wopitiriza masiku ukangofika pabodala amakudinda kuti usadzalowenso, ndiye ukatuluka watuluka.

Novembala woyamba, a Mbewe, adalaivala a basi ya ku Joni amene kwawo ndi ku Kabudula, anandiimbira kuti ndikatenge kaphukusi kanga kudepoti. Munali nyemba, mfutso, ndi envelopu. Nditatsegula envelopuyo ndinapeza chingwe chosokera matumba, mfundo zitatu. Amayi anali atamuyeza Tadala pamodzi ndi ana a Esinati, n'kunena kuti amake aone mmene wakulira. Ndinakhala pansi pomwepo padepoti, anthu akundilambalala ndi zikwama, ndikulira ngati mwana.

Loweruka lake ndinatenga chingwe chija kupita nacho m'sitolo yaikulu. Ndinkatenga diresi n'kuliyeza ndi chingwe, kutenga lina n'kuyeza, mtsikana wogulitsa akundiseka poyera. Ndinalibe naye ntchito. Ndinasankha lapinki, la zingwe za silika m'chiuno, lotukumuka m'munsi, ndi nsapato zoyera. Kenako ndinaimbira Esinati.

"Akulu, musavutike," anatero Esinati. "Nsalu amayi agula kale, ndipo ya Tadala ilipo."

"Iwe, mwana wanga asavale za kwayazo. Nanga ine ndikukolopera chiyani kuno? Ndikutumiza diresi, avale pa Nyuwele, undijambulire."

"Koma akulu, anzakewa..."

"Palibe za koma. Ndanena."

Ine mtima wanga ndi wapachala, ndipo Esinati amandidziwa kuyambira tili ana. Anangoti, "Chabwino."

Nyuwele ya ku Joni ndi yosowetsa mtendere kwa munthu wa ntchito za m'nyumba. Mabwana amapita kunyanja, iwe amakusiyira makiyi ndi agalu. Ndiye masana a tsikulo tinkasonkhana kwa Nyamoyo, kuphika mpunga ndi nkhuku zawo zoyera zija zopanda fungo la nkhuku, n'kumadikira zithunzi zochokera kumudzi. Changa chitafika ndinayendetsa foni m'manja mwa aliyense. Ana a Esinati ndi a mlongo wanga anali atandanda mu nsalu yobiriwira, amayi pakati ndi duku lawo, ndipo chakumbali kunali Tadala wanga ali waliwali mu pinki ngati mwana wa nduna.

"Wokongola," anatero Nyamoyo. "Kweni bwanji sakuseka?"

"Ndi dzuwa limenelo, lamuthobwa m'maso."

Chaka chachitatu amayi anatisiya. Maliro ndinalira pafoni, nditatsamira makina ochapira kuti adona asamve. Ndinkaganiza kuti za nsalu zathera pomwepo, koma Novembala atakwana a Mbewe anaimbanso. Esinati anali atatola mwambo wa amayi, ndipo mfundo zake zinali zothina kuposa za amayi. Zingwezo ndinkazikoleka pamsomali kuseri kwa chitseko, chilichonse chotalikirapo kuposa chinzake. Tsiku limene adona andikalipira chifukwa chopsereza bulauzi, kapena ndabisala m'chimbudzi cha sitolo apolisi akugwira anthu pamsewu, ndinkabwerera kuchipinda n'kuima pafupi ndi msomali uja kuona pamene mwana wanga akundilekeza. Anayambira m'ntchafu, anafika m'chiuno, kenako anadutsa.

Ndipo chaka chilichonse ndinkatumiza diresi. Lachikasu, loyera la mikanda, lina lofiirira lokhala ndi kachikwama kake. Chaka china ndinatumiza nsapato zoyaka magetsi munthu akaponda. Nditadwala chibayo n'kugona milungu itatu, Nyamoyo akundimwetsa phala ndi kukandigwirira ntchito kuti adona asalembe wina, chimene chinkandidetsa nkhawa sichinali imfa ayi, koma kuti diresi lichedwa basi ya a Mbewe. Nyamoyo anachita kukagula yekha, chingwe chili m'manja, akung'ung'udza njira yonse.

Zithunzi zinkabwera ndithu. Ana a mu nsalu imodzi ankachuluka, chifukwa Esinati anawonjeza ena awiri, ndipo Tadala ankakhala chakumbali nthawi zonse, manja kumbuyo. Ine ndinkangoona diresi.

Chaka chachisanu ndi chinayi ndinapita kudepoti monga mwa nthawi zonse. A Mbewe anandipatsa nyemba ndi mfutso.

"Nanga envelopu?"

"Sanandipatse envelopu, mayi. N'zomwezi."

Ndinaimba ndili pomwepo. Esinati anazungulirazungulira, za mvula, za feteleza, mpaka ndinamudula. "Chingwe chili kuti?"

"Wakana kuyezedwa, akulu."

"Wakana? Mwana wa zaka khumi ndi zitatu amakana? Mpatse foni."

Tadala anabwera pafoni. Ali bwanji, ali bwino. Sukulu ikuyenda, inde. Akufuna diresi la mtundu wanji chaka chino, zii. Ndinafunsanso, ndipo anangoti, "Musatumize," n'kubweza foni.

Mlungu wonse sindinadye bwino. Ndinayamba kuganiza zoipa za mng'ono wanga. Ndinkati Esinati wamudyetsa mawu mwana wanga kuti andide. Ndinkati kaya madiresi aja amangomuveka pojambula kenako n'kukagulitsa pamsika wa Nsaru. Ndinamuuza Nyamoyo zonsezi ndikutukwana, iye akusenda mbatata. Nditatopa anati, "Iwe, mwana sukumudziwa, ukudziwa chingwe. Pita ukamuone."

"Ndikapita sindibwereranso. Ntchito yatha."

"Ntchito ndi agalu awo. Agalu apeza munthu wina."

Ndinakwiya naye masiku awiri, lachitatu ndinakagula tikiti. Ndinagulanso diresi lina mongoyerekeza, labuluu, lodula kuposa onse. Nyamoyo anandiperekeza kudepoti, anandipatsa mabanzi ndi mazira owiritsa, ndipo sitinayang'anane m'maso potsanzikana. Pabodala anandidindadi monga ndinkayembekezera.

Ndinafika kumudzi kutatsala masiku anayi kuti Nyuwele ikwane. Chimanga chinali cha m'mawondo, fodya atabiriwira, msewu uli matope okhaokha. Nyumba ya malata imene ndinkatumizira ndalama ndinaipeza itaima bwinobwino, mpaka khonde la simenti. Anthu anabwera kudzandilonjera, ena ndinachita kufunsa kuti ndi ana a yani. Esinati anali atakalamba kuposa ine, manja okakala, mano awiri akutsogolo palibe. Kenako kunabwera mtsikana wamtali atasenza ndowa, anatula, anagwada patali n'kunena kuti, "Mwayenda bwanji?" ngati mmene amalonjerera mlendo wa kutchalitchi. Ndinatambasula manja, iye anandipatsa dzanja limodzi lina atagwira pachigongono. Atadzuka anatembenukira kwa Esinati. "Amayi, nditereke madzi osamba a alendo?"

Ndinadziletsa tsiku limenelo. M'mawa mwake ana atapita kumunda ndinamutsekera Esinati m'chipinda.

"Undiuze bwinobwino. Mwana wanga wamuuza chiyani? Ndipo zovala zonse ndinkatumiza zija zili kuti? Ndamuona wavala chitenje chong'ambika."

Esinati anagwada, anakoka sutukesi pansi pa bedi, anaitsegula. Onse anali mmenemo, opindidwa bwino, mankhwala a njenjete ali pakati. Lapinki lija linali pansi penipeni, kakang'ono ngati ka chidole, ndi nsapato za magetsi zija zidendene zosadyeka n'komwe.

"Sindinagulitse ngakhale batani, akulu. Munkati avale pa Nyuwele, ndipo ankavala. Ndinkachita kumugwira miyendo, amuna anga atagwira manja."

"Kumugwira chifukwa chiyani?"

"Ankalira. Chaka chilichonse ankalira kuyambira usiku wake. Akatuluka anzake ankamutcha Joni. Akamayenda m'makomo anthu ankagawira anzakewa zitumbuwa, iye n'kumuuza kuti iwe amako ali ku Joni, umadya masikono, siyira anzako. Ena ankafunsa kuti kamlendoka n'ka kuti. Akabwerako ankavula, osalikhudzanso mpaka lichepe."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Ndinayesa chaka choyamba chija. Munati palibe za koma." Anatseka sutukesi pang'onopang'ono. "Komanso inu munali nokha kumeneko, akulu. Ndinkati chithunzi chimenecho ndi chimene chikukulimbitsani mtima."

Ndinkafuna pokalipira, koma panalibe. Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka, Tadala analowa ndi khasu kudzatenga mbewu ya nyemba, ndipo anaona sutukesi ija. Anaima.

"Tadala," ndinatero, "madiresiwa sunkawakonda?"

Anayang'ana pansi. "Ndi okongola."

"Nanga bwanji?"

"Ine ndinkafuna ya anzanga." Sanalire. "Ankandiyeza pamzere limodzi ndi anzanga, ndiye chaka chilichonse ndinkati mwina chaka chino andisokera. Zingwe za anzanga zinkapita kwa atelala, changa chinkapita ku Joni. Pachithunzi ankandiuza kuti ndiime pambali kuti inu muone bwino diresi. Chaka chino ndinawauza amayi kuti akafuna kundiyeza, chingwe chipite ku Nsaru. Andisokera ya ife tonse."

Anatenga mbewu yake n'kutuluka. Mawu akuti ya ife tonse aja anandilasa, chifukwa ndinadziwa kuti mu ife ameneyo ine mulibe, ndipo palibe anandichotsamo, ndinadzichotsa ndekha. Ndinapepesa kwa Esinati ndili chogwada, mng'ono wanga amene ndinkamubereka kumsana. Diresi labuluu lija sindinalitulutse m'chikwama.

Tsiku lotsatira ndinamufunsa Esinati monong'ona ngati nsalu inatsalako. Anati kanatsala ka duku lake basi. Ndinapempha kachidutswa, ndinakwera kabaza mpaka ku Nsaru, ndinalowa sitolo iliyonse ndi kachidutswa m'manja. Inali yachikasu ya nkhanga zakuda. Kulikonse ankati inatha Khirisimasi isanafike. Atelala athu akale aja anamwalira, pamakina panali mwana wawo, ndipo anafufuza m'thumba la zidutswa koma anapeza tizingwe tokhatokha. Nditabwerako chimanjamanja Esinati anandibweretsera duku lija.

"Mangani inu, akulu. Ndinu wamkulu pakhomo pano."

Ndinakana. Duku limenelo amamanga ndi mayi amene wayeza ana, wapalira, wagulitsa mtedza wake, wagona nawo kuchipatala akadwala malungo. Ndinamumanga ndekha kumutu kuti tione ngati likukhala, ndipo linkamukhala.

Nyuwele inacha bwino, mvula itagwa usiku n'kukata. Nkhuku zinaphedwa, mpunga unaterekedwa. Kenako anayamba kutuluka m'nyumba mmodzimmodzi: anayi a Esinati, atatu a mlongo wanga Tambala, onse nkhanga zokhazokha. Tadala anatuluka pomalizira. Diresi lake linali wamba, khosi lozungulira, msoko wina wokhota, koma mtsikanayo ankaseka mpaka usinini kuonekera, akukankhana ndi anzake, akuwakonza makolala ang'onoang'ono. Chimusiyireni, kuseka kwake ndinakuona koyamba tsiku limenelo, ndipo ankaseka ngati malemu amayi.

Ine ndinavala suti yanga ya ku Joni yofiirira ndi nsapato zazitali, poti ndinalibe china choyenera kutchalitchi. Tinalowa kanjira ka m'chimanga, ana patsogolo, Esinati pakati pawo, ine kumbuyo nsapato zikutitimira m'matope. Aliyense wokumana nafe ankasekerera ana, kuwatchula kuti kwaya ya chaka chino yaposa, kenako akafika pa ine ankachotsa kumwetulira n'kupereka moni waulemu. Mtunda wake ndi wosakwana ola, koma ndinatuluka thukuta la manyazi. Ndinkangoganiza kuti ine ndine munthu wamkulu ndipo ndi tsiku limodzi lokha, nanga kamwana ka zaka zisanu kankayenda bwanji njira yomweyi?

Pafupi ndi mjigo tinakumana ndi mayi wina wa ku esiteti, mwa matenanti amene anabwera ine nditachoka kale. Ankadziwana ndi Tadala, ndipo anamugwira pamkono akuyamikira nsalu. Kenako anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Nanga alendowa ndi a kuti, Tadala?"

Esinati anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma ndinamugwira dzanja. Funso silinali lake. Ana onse anaima. Tadala anandiyang'ana, koyamba kundiyang'ana m'maso chifikireni, ndipo ine ndinali nditakonzeka kumva chilichonse, kaya azakhali, kaya amayi a ku Joni. Ndikanavomera.

"Si alendo," anatero. "Ndi amayi anga ondibereka. Nsalu inangoperewera."

Mayi uja anapepesa n'kupitiriza ulendo. Ana anayambanso kuyenda, koma Tadala anatsalira, akuyang'ana mapazi anga amene anali matope mpaka mu akakolo.

"Vulani nsapatozo, amayi, ndikunyamulireni. Tichedwa."

Ndinavula, ndinamupatsa, ndipo tinayenda.